Zimene Manambala a Makoleji Ang'onoang'ono a ku America Amabisa

Ku United States kuli makoleji mazanamazana ang'onoang'ono omwe si aboma, ambiri mwa iwo okhala ndi ophunzira osapitirira 2,000, amene anayambitsidwa ndi mipingo kapena anthu achuma m'zaka za m'ma 1800 ndipo amayendetsedwa popanda cholinga chogawana phindu. Kwa nthawi yaitali makolejiwa ankakopa makolo ndi mbiri yawo, kukongola kwa malo awo ndiponso kuchepa kwa ophunzira m'kalasi, koma kuyambira mu September 2015, pamene boma la Barack Obama linakulitsa kaundula wotchedwa College Scorecard, kholo lililonse likhoza kuona manambala atatu pa koleji iliyonse: ndalama zimene wophunzira amalipira, ngongole imene amatuluka nayo, ndi malipiro amene amalandira akayamba ntchito. Kutulutsa manambalawa kunali koyenera, ndipo amene analimbana nako analakwa. Koma chizolowezi chimene chakula pambuyo pake, chondandalika makoleji kuyambira ya malipiro apamwamba mpaka yotsiriza ngati matimu a mpira mu ligi, nachonso n'cholakwika, chifukwa nambala iliyonse mwa manambala atatuwo ili ndi chimene imabisa, ndipo chobisikacho chimagwera makamaka mwana wa munthu wosauka, yemwe ndiye amafunikira kwambiri kudziwa zoona asanasaine chikalata cha ngongole.

Akuluakulu a makoleji amenewa sanafune kuti manambalawa adziwike. Mu August 2013 Obama analengeza kuti boma lake liyamba kupereka magiredi kwa makoleji potengera mtengo ndi zotsatira zake, ndipo mabungwe oimira makoleji anatsutsa mwamphamvu kotero kuti mu June 2015 boma linasiya ganizolo n'kungotulutsa manambala opanda magiredi. Mfundo yawo inali yakuti phindu la maphunziro silingayezedwe ndi ndalama, ndipo m'mawuwo muli choonadi. Komabe mfundo imeneyi imafooka ikatuluka m'kamwa mwa munthu amene amatumiza bilu ya madola zikwi makumi ambiri chaka chilichonse, pakuti amene wasankha kulipiritsa ndalama zochuluka chotero sangakane kufunsidwa za ndalama. Ndiponso makoleji omwewo anali atakhala akupikisana pa mndandanda wa magazini ya U.S. News & World Report kuyambira 1983, mpaka ena kufika ponamiza manambala, monga momwe Claremont McKenna College inavomerera mu January 2012 kuti kwa zaka zingapo inkakweza malikisi a mayeso olowera amene inkatumiza ku magaziniyo. Sanali kudana ndi kuyerekezeredwa ayi. Ankadana ndi muyeso umene sakanatha kuulamulira.

Nambala yoyamba, ya mtengo, ndi imene imasokoneza anthu ambiri, chifukwa koleji iliyonse ili ndi mitengo iwiri. Pali mtengo wolengezedwa, umene umalembedwa m'timabuku totsatsira koleji ndipo m'makoleji otchuka umapitirira madola 80,000 pachaka kuphatikizapo fizi, malo ogona ndi chakudya. Ndiye pali mtengo weniweni, umene ndi ndalama zotsala zimene banja limalipira thandizo losabweza litachotsedwa. Bungwe la akuluakulu oyang'anira chuma m'makoleji, lotchedwa NACUBO, limachita kafukufuku chaka ndi chaka, ndipo kwa zaka zingapo tsopano lakhala likupeza kuti makoleji omwe si aboma amabwezera kwa ophunzira a chaka choyamba ndalama zopitirira theka la fizi yolengezedwa, mu dzina la mphatso kapena sikolashipu. Tanthauzo lake n'lakuti mtengo wolembedwawo ndi ochepa okha amene amaulipira, ndipo umaikidwa pamwamba dala kuti koleji ioneke yapamwamba ndiponso kuti kholo lisangalale polandira kalata yonena kuti mwana wake wapatsidwa sikolashipu ya madola 25,000, pamene pafupifupi aliyense wa m'kalasimo walandira kalata yofanana nayo. Wogulitsa pamsika amene amayamba ndi mtengo wokwera kuti wogula anenerere amadziwika ndi onse kuti akuchita malonda, ndipo wogulayo amadziwa kuti ayenera kunenerera. Koma banja limene silinatumizepo mwana ku koleji silidziwa kuti mtengo umenewu ndi wokambirana, ndipo nthawi zambiri limangobwerera pakhomo osafunsira n'komwe malo.

Kalata ya thandizo imene koleji imatumiza kwa wophunzira amene yamulandira ndi pamene chinyengo chimaonekera pafupi. Pamwamba pamalembedwa moyamikira mwanayo, kenako pamatsatira mizere isanu kapena isanu ndi umodzi ya ndalama, ndipo pansi pake pamaikidwa chiwonkhetso chachikulu chimene chimatchedwa thandizo lonse. Kholo likaona chiwonkhetsocho limapuma, osazindikira kuti mzere umodzi ndi mphatso, wina ndi ngongole ya mwana, wina ndi ngongole ya kholo lomwelo, ndipo wina ndi malipiro a ganyu wa pasukulu amene mwanayo sanayambe n'kugwira komwe. Mu 2018 mabungwe a New America ndi uAspire anaunika makalata oterewa masauzande ambiri, ndipo anapeza kuti mtundu umodzi wokha wa ngongole ya boma unkatchulidwa ndi mayina 136 osiyanasiyana, ndipo mayina 24 mwa amenewo analibe n'komwe liwu lotanthauza ngongole. Mu 2022 ofesi ya boma yofufuza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, yotchedwa Government Accountability Office, inapeza kuti makoleji 91 mwa 100 aliwonse ankachepetsa mtengo weniweni m'makalata awo kapena osautchula konse. Akale anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo apa nyererezo sizinalowe zokha, zinaikidwamo ndi anthu ophunzira bwino amene amadziwa kuwerengetsa ndalama.

Chodabwitsa, chimene mabanja osauka ambiri sachidziwa, n'chakuti koleji yooneka yodula kwambiri ikhoza kukhala yotchipa kwambiri kwa iwo. Amherst College ndi Williams College, zonse za ku Massachusetts, ili yonse ili ndi thumba la chuma chosungidwa choposa madola 3 biliyoni, ndiko kuti ndalama zoperekedwa ndi ophunzira akale ndi ena ofuna kwabwino, zimene zimaikidwa m'mabizinesi ndipo koleji imangodya phindu lake. Amherst inachotsa ngongole m'thandizo lake kuyambira 2008, ndipo Williams inachita chimodzimodzi mu 2022, kotero kuti mwana wa banja losauka akalandiridwa kumeneko akhoza kulipira zochepa kuposa zimene akanalipira pa koleji yosadziwika imene mtengo wake wolengezedwa ndi theka chabe. Koleji yopanda thumba lotere imadalira fizi kuti ilipire aphunzitsi ndi magetsi, choncho ngakhale itafuna singathe kumasula wosauka. N'chifukwa chake mtengo wa avereji suthandiza munthu aliyense. Chothandiza ndi mzere umene College Scorecard imaonetsa wa mtengo weniweni wa mabanja opeza madola osapitirira 30,000 pachaka, chifukwa pamenepo ndi pamene pamaoneka ngati koleji imafunadi ana a anthu osauka kapena imangofuna ngongole zawo.

Nambala yachiwiri, ya ngongole, imaoneka yofanana modabwitsa m'makoleji ambiri, ndipo kufananako sikuchokera ku chifundo cha makoleji koma ku lamulo. Boma la United States limaika malire pa ngongole imene wophunzira wodalira makolo angatenge: madola 5,500 chaka choyamba, 6,500 chachiwiri, ndi 7,500 chaka chilichonse chotsatira, zimene zimakwana madola 27,000 pa zaka zinayi. Choncho koleji ikaonetsa ngongole yapakatikati yoyandikira 27,000, sizitanthauza kuti banja linangobwereka zokhazo. Nthawi zambiri zimatanthauza kuti mwanayo anafika pamalire, ndipo zotsalazo zinabwerekedwa kwina. Kwinako ndi ku mabanki, kapena ku ngongole ya boma ya makolo yotchedwa Parent PLUS, imene kwa zaka zambiri inkalola kholo kubwereka mpaka mtengo wonse wa sukulu popanda kufunsa ngati lingathe kubweza, ndipo m'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025 chiwongoladzanja chake chinali 9.08 peresenti pamene cha ophunzira chinali 6.53. Ngongole ziwirizi sizilowa m'nambala yaikulu imene anthu amayerekezera. Mayi wa zaka 55 wogwira ntchito yosamalira odwala, amene wasainira madola zikwi makumi angapo kuti mwana wake asachotsedwe sukulu, saoneka m'nambala imeneyo, ngakhale kuti ndi iye amene adzadulidwa malipiro akalephera kubweza, ndipo lamulo la dzikolo silimasula munthu ku ngongole ya maphunziro mosavuta ngakhale khoti litagamula kuti alibiretu chuma. Lamulo limene nyumba ya malamulo ya dzikolo, yotchedwa Congress, inakhazikitsa mu July 2025 laika malire pa ngongole ya makoloyi, madola 20,000 pachaka ndi 65,000 pa mwana mmodzi, ndipo kuikidwa kwa malirewo ndi umboni wakuti vutoli linalipo nthawi yonseyi pamene manambala ankaoneka abwinobwino.

Koma chachikulu chimene nambala ya ngongole imabisa ndi munthu amene sanamalize. Ngongole imene imaonetsedwa kwambiri ndi ya omaliza maphunziro, pamene ofufuza akhala akupeza mobwerezabwereza kuti olephera kubweza ambiri si amene ali ndi ngongole zazikulu, koma amene ali ndi ngongole zazing'ono, zosakwana madola 10,000, omwe anasiyira panjira chaka choyamba kapena chachiwiri. Dokotala wa ngongole ya madola 200,000 amabweza chifukwa ali ndi digiri yomupezera ntchito. Mnyamata amene anabwereka 8,000 n'kubwerera kwawo chimanjamanja amalowa pamsika wa ntchito ngati munthu amene sanapondepo pa koleji, kusiyana kwake n'kwakuti iye ali ndi ngongole. M'makoleji monga Amherst ndi Williams ophunzira oposa 90 mwa 100 amamaliza, pamene m'makoleji ena ang'onoang'ono osakwana theka ndiwo amamaliza ngakhale atapatsidwa zaka zisanu ndi chimodzi pa digiri ya zaka zinayi. Nambala imeneyi, ya omaliza, ndiyo inayenera kukhala yoyamba kuyang'anidwa, chifukwa mtengo wotsika ndi malipiro apamwamba zilibe tanthauzo kwa munthu amene sadzafika tsiku lovala gauni.

Nthawi zina wosiyira panjira si wophunzira koma koleji yomweyo. Mount Ida College ya ku Massachusetts inalengeza mwadzidzidzi mu April 2018 kuti ikutseka, italandira kale ophunzira atsopano a chaka chotsatira. Green Mountain College ya ku Vermont inatseka mu 2019. Birmingham-Southern College ya ku Alabama, ya mpingo wa Methodist, imene mizu yake inayambira mu 1856, inatseka pa 31 May 2024. Ndipo University of the Arts ya ku Philadelphia inatseka mu June 2024 itachenjeza ophunzira ake kwa sabata imodzi yokha. Chiwerengero cha ana obadwa ku United States chinayamba kutsika pambuyo pa 2007, choncho achinyamata a zaka 18 adzakhala akucheperachepera m'zaka zikubwerazi, ndipo makoleji odalira fizi adzalimbirana ophunzira ochepa pochotsera mitengo kwambiri mpaka ena kugwa. Sikolashipu yaikulu mopitirira muyeso yochokera ku koleji yosauka ikhoza kukhala chizindikiro cha nyumba imene mizati yake yadyedwa ndi chiswe.

Nambala yachitatu, ya malipiro, ndi imene manyuzipepala amaikonda, ndipo ndi imene imanamiza mochenjera kuposa zinzake. Imene imaonetsedwa ndi malipiro apakatikati, ndiko kuti a munthu amene angaime pakati penipeni onse atandandalikidwa kuyambira wolandira zochepa mpaka wolandira zambiri, ndipo imawerengedwa kuchokera ku zikalata za msonkho za okhawo amene analandira thandizo kapena ngongole ya boma ndipo ali pantchito. Harvey Mudd College ya ku Claremont m'chigawo cha California, yomwe ili ndi ophunzira pafupifupi 900, imakhala pafupi ndi pamwamba pa mindandanda yotere, ndipo chifukwa chake si chinsinsi: imaphunzitsa za uinjiniya, makompyuta, masamu ndi sayansi, imalandira ana okhoza kwambiri m'maphunziro amenewa, ndipo ili m'chigawo chimene makampani a zaumisiri amalipira kwambiri. Berea College ya ku Kentucky, yomwe inakhazikitsidwa mu 1855 ndi John Gregg Fee, mbusa wodana ndi ukapolo, kuti iphunzitse akuda ndi azungu, amuna ndi akazi pamodzi, imakhala kutali m'munsi. Komatu Berea sinalipiritse fizi kuyambira 1892, imalandira ana a mabanja osauka okhaokha, ambiri a m'dera lamapiri la Appalachia, wophunzira aliyense amagwira ntchito pasukulupo maola osachepera 10 pasabata, ndipo ambiri amatuluka ndi ngongole yochepa kapena opanda ngongole n'kubwerera kukatumikira madera kumene malipiro ndi otsika. Kunena kuti Harvey Mudd yaposa Berea chifukwa cha malipiro n'chimodzimodzi kuyamikira mlimi wa kudimba chifukwa chokolola kuposa wolima pamtunda wamiyala, osafunsa za nthaka imene aliyense anayambira.

Akatswiri a zachuma anaiona kale nkhani imeneyi. Stacy Dale ndi Alan Krueger, m'kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2002 n'kubwerezedwa patapita zaka pafupifupi khumi, anayerekezera ophunzira amene anafunsira kapena kulandiridwa m'makoleji ofanana koma n'kupita kosiyana, ndipo anapeza kuti kwa ambiri malipiro awo ankafanana, kusonyeza kuti gawo lalikulu la zimene anthu amati ndi mphamvu ya koleji ndi zimene wophunzira anabwera nazo. Amene anapinduladi popita ku koleji yotchuka anali akuda, a mtundu wa Hispanic, ndi ana a makolo osaphunzira kwambiri, omwe ndi ochepa m'makoleji oterowo. Raj Chetty ndi anzake mu 2017 anaonetsa kuti panali makoleji 38, kuphatikizapo ang'onoang'ono monga Middlebury, Colby ndi Colorado College, amene anali ndi ophunzira ambiri ochokera m'mabanja olemeretsetsa, a gawo limodzi lapamwamba mwa magawo 100, kuposa ochokera m'magawo 60 am'munsi onse pamodzi. Koleji yosonkhanitsa ana otere idzaoneka yopambana ngakhale itaphunzitsa mwaulesi. Mbali inayo, Spelman College ya ku Atlanta, yophunzitsa akazi achikuda kuyambira 1881, imasenza m'manambala ake kusiyana kwa malipiro pakati pa amuna ndi akazi ndiponso pakati pa azungu ndi akuda, zimene koleji sinayambitse ndipo singathe kuzithetsa yokha.

Amalawi ali ndi chifukwa chawochawo chokayikira muyeso umenewu. John Chilembwe atapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 anaphunzira pa Virginia Theological Seminary and College ku Lynchburg, kasukulu kosauka ka mpingo wa Baptist wa anthu akuda, ndipo atabwerera mu 1900 anakayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu. Kaundula wowerenga malipiro akanamuika m'gulu la ophunzira amene sukulu yawo sinapindule nawo.

Izi sizikutanthauza kuti malipiro alibe ntchito. Kuyambira 2019 College Scorecard inayamba kuonetsa ngongole ndi malipiro potengera phunziro lililonse pa koleji iliyonse, ndipo pamenepo kuyerekezera kumayamba kukhala kwachilungamo, chifukwa unamwino umayerekezeredwa ndi unamwino, uphunzitsi ndi uphunzitsi. Lamulo la mu July 2025 lija linaikanso mfundo yakuti maphunziro a digiri yoyamba amene omaliza ake amapeza zochepa kuposa anthu ongomaliza sekondale adzalandidwa mwayi wa ngongole za boma. Kugwiritsa ntchito malipiro motere, ngati malire a pansi amene phunziro lolipiritsa siliyenera kutsikirapo, n'kwanzeru. Kuwagwiritsa ntchito ngati makwerero opezera koleji yopambana zonse n'kumene kumasocheretsa.

Banja la ku Malawi kapena ku Zambia limene likuganiza zotumiza mwana ku koleji yotere liyenera kudziwanso kuti manambala onsewa sakunena za mwana wawo. Wophunzira wakunja salandira thandizo kapena ngongole ya boma la United States, choncho sawerengedwa m'kaundulamo. Mtengo weniweni umene waonetsedwa ndi wa nzika za dzikolo, ndipo malipirowo ndi a anthu okhala ndi ufulu wogwira ntchito kumeneko mpaka kalekale, pamene chilolezo cha wophunzira wakunja chimamupatsa chaka chimodzi chogwira ntchito akamaliza, ndi zaka ziwiri zowonjezera ngati anaphunzira za sayansi, uinjiniya, zaumisiri kapena masamu. Ndalama zotsala pambuyo pa sikolashipu zimalipiridwa m'madola, ndipo amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023 akudziwa kuti bilu imene inali yotheka chaka choyamba ikhoza kumiza banja chaka chachiwiri. Funso loyenera kulembera koleji ndi lakuti thandizolo lidzakhalapo zaka zonse zinayi kapena ayi, lidzakwera fizi ikakwera kapena ayi, ndipo lingachotsedwe pa zifukwa ziti.

Kwathu kuno ku Malawi sukulu zaukachenjede zomwe si zaboma zachuluka m'zaka zoposa makumi awiri zapitazi, kuyambira University of Livingstonia imene inatsegulidwa mu 2003 ndi Catholic University of Malawi ya ku Nguludi mu 2006, chifukwa mayunivesite aboma sangathe kulandira onse okhoza mayeso a MSCE. Makolo amagulitsa ng'ombe, amatenga ngongole ku banki mkhonde, ena amafika kwa akatapila, kuti mwana apeze digiri, ndipo chimene amatha kufufuza n'chakuti kodi sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi National Council for Higher Education, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011. Chivomerezo chimatsimikiza za aphunzitsi, mabuku ndi nyumba, koma sichiuza kholo kuti mwa ana 100 amene analowa ndi angati anamaliza. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, Higher Education Students' Loans and Grants Board, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015 ndipo lakhala likudandaula poyera kuti ambiri sabweza, limasunga mayina a obwereka, sukulu zawo ndi maphunziro awo, kotero kuti lili ndi poyambira. Mabungwe awiriwa ayenera kulamula sukulu iliyonse, yaboma ndi yomwe si yaboma, kuti chaka chilichonse izilengeza ndalama zonse zimene wophunzira amalipira kuphatikizapo malo ogona ndi zolipira zina zapadera, chiwerengero cha olowa ndi cha omaliza pa phunziro lililonse, chiwerengero cha oletsedwa kulemba mayeso chifukwa cha fizi, ndi chiwerengero cha opeza ntchito kapena oyamba bizinesi patapita zaka ziwiri. M'dziko limene anthu ambiri amagwira ntchito zosalembedwa m'mabuku a msonkho, nambala ya malipiro idzakhala yosadalirika kuposa ya ku America, ndipo namwino wa ku chipatala cha kumudzi ku Nsanje adzaoneka wotsika kuposa wogwira ntchito ku banki ku Lilongwe. Koma chiwerengero cha omaliza ndi cha osiyira panjira chili kale m'mabuku a ofesi yolembetsa ophunzira pa sukulu iliyonse, ndipo chikhoza kutulutsidwa chaka chomwe chino.